Nsalu za NyaHarawa ndi Kalata Imene Ndinakana Kusaina

1989, Hara

Ana anga, za ubwana wanga ku Chiradzulu munazimva kale kwa amalume anu, sindibwerezanso. Ndikufuna ndikuuzeni za ntchito, ndipo ndikuuziranitu kuti pali zina zimene ndikazikumbukira mpaka lero mkwiyo umandibwerera.

Ntchito ndinayambira ku Hara, kufupi ndi Chilumba, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Kalata inati ndine mlangizi wa amayi pa ntchito zamanja ndi kasamalidwe ka pakhomo. Ndinatsika basi ndi sutikesi imodzi, buku la maphunziro limene anatipatsa kusukulu ya alangizi, ndi matama a mtsikana woganiza kuti wabwera kudzatsegula anthu m'maso. Chitumbuka sindinkadziwa ngakhale moni. Ofesi inandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yosungiramo mpunga, makina osokera amodzi opanda singano, ndi mpukutu umodzi wa bafuta woti ukwanire amayi makumi atatu chaka chonse. Njinga imene anandilonjeza inafika patapita zaka zinayi, ilibe tcheni. Bwana wanga anali Bambo Kalinde, amene ankakhala kuboma ku Karonga n'kumabwera pa njinga yamoto kamodzi pa miyezi itatu. Akafika sankafunsa ngati tili ndi ulusi. Ankangotsegula buku lija n'kuona ngati tafika pa tsamba loyenera. Bukulo linkati amayi aphunzire kuluka tinsalu toyala pa mipando ndi kusoka maluwa a rozi pa nsalu ya patebulo. M'nyumba zambiri za ku Hara munalibe mpando wa khushoni kapena tebulo, ndipo duwa la rozi ngakhale ineyo ndinali ndisanalionepo ndi maso. Koma ndinkaphunzitsa, mokalipa.

M'gulu langa munali mayi wina wamtali, wosalankhulalankhula, wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, dzina lake Jenala, koma aliyense ankamutchula kuti NyaHarawa. Ankalima mpunga pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo sukulu analekeza sitandade 2. Ndinagawira mayi aliyense kachidutswa ka bafuta kuti akasokepo rozi kunyumba. Onse anabweza, ena zokhotakhota, koma NyaHarawa sanabweze. Patatha masabata atatu ndinapita kwawo nditatupa, nditakonzeratu mawu oti katundu wa ofesi si wosewera naye.

"Amama, nsalu ndinakupatsani ija ili kuti?"

"Ilipo, asambizgi," anatero, chifukwa kumeneko mphunzitsi amamutchula choncho. "Kweni rozi yayi. Rozi nkhumumanya yayi." Ankatanthauza kuti duwa la rozi sakulidziwa, ndiye sanalisoke.

Ananditengera kuseri kwa nyumba. Pa chingwe panali nsalu zisanu, zinayi za matumba a ufa wa tirigu omasula, yachisanu bafuta wanga uja. Sanalinso woyera. Anali munda wa mpunga nthawi yowokera, madzi akuda, misana ya amayi asanu ndi awiri itawerama mu mzere, ndipo pakati mayi mmodzi ataweramuka, atagwira m'chiuno, akuyang'ana amene akumuyang'ana. Nkhope sinajambulidwe bwinobwino, koma ndinamuzindikira nthawi yomweyo ndi kaimidwe kake. Anali mayi wina wa m'gulu lathu lomwelo amene ankadwala msana. Ndinamva ululu wa msanawo ndili chiimire. Mukudziwa chimene mayi wanu ananena? Ndinati, "Koma m'buku mulibe zimenezi." Mawu amenewa amandichititsa manyazi mpaka pano. NyaHarawa sanakwiye. Anangoti, "Amene analemba buku lanulo, kasi anapondapo m'matope muno?"

1992

Pofika chaka chimenechi ndinali nditakwatiwa ndi bambo anu, amene ankaphunzitsa pa pulayimale ya pafupi, ndipo iwe Chisomo unali kumsana. M'kalasi mwanga zinthu zinali zitatembenuka: dzina la mlangizi linali langa, koma wophunzitsa anali NyaHarawa. Ankawiritsa makungwa a mbawa mpaka madzi afiire, n'kuviikamo nsalu. Kenako ankatenga matope akuda a pansi pa ngalande ina, osati paliponse, malo amodzi okha amene ankawadziwa ndi fungo, n'kujambula nawo pa nsalu yonyikayo. Matopewo akauma n'kuwachapa, pamene anadutsa pankatsala chikuda chosasuluka ngakhale uchape ndi sopo. Pamene akufuna pakhale poyera ankayamba wapakapo phala la ufa wa mpunga kuti utoto usalowe. Burashi yake inali kamtengo kotafuna kunsonga, ndipo mizere yopyapyala ankakoka ndi nthenga ya nkhuku. Pomaliza ankasokererapo ulusi womasula ku majuzi akale, pena pa duku la munthu, pena pa mlomo wa mbalame. Palibe anamuphunzitsa zonsezi pamodzi. Za makungwa anaona kwa azakhali ake amene ankanyika mlaza wa mikeka, za matope anazitulukira yekha ataona kuti chitenje chake chimada akagwira ntchito m'ngalande ija.

Amayi asanu ndi mmodzi anagwira luso limeneli, aliyense ndi dzanja lake. Bafuta atatha ndinkayenda pansi mpaka ku Chilumba kukapempha matumba kwa ophika buledi. Ndinkaganiza kuti Bambo Kalinde akadzaona adzasangalala. Tsiku limene anabwera tinapachika nsalu zonse m'nyumba ya mpunga ija. Anayenda manja ali kumbuyo, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kenako anatembenuka pamaso pa amayi onse.

"Mayi Makwinja, ofesi inakutumizani kudzaphunzitsa chitukuko kapena masanje?"

"Bwana, izi amayiwa akuzipanga ndi zinthu zopezeka konkuno. Ulusi wa rozi tilibe chichokere chaka chatha."

"Ndiye mukuwaphunzitsa kupaka matope pa nsalu? Anthu tikufuna kuwachotsa m'matope, inu mukuwabwezeramo."

Analemba mu lipoti kuti ndine wosamvera malangizo, ndipo chaka chimenecho anzanga amene tinayambira limodzi anakwezedwa, ine ayi. Kuchokera pamenepo tinaphunzira chinyengo. Tinali ndi nsalu zitatu za rozi zimene tinkasunga m'katoni. Tikamva kulira kwa njinga yamoto, za matope zinkalowa pansi pa matumba a mpunga, za rozi n'kutuluka. Zaka zinayi Bambo Kalinde ankayamikira nsalu zitatu zomwezo osazindikira.

1996

M'nyengo ya mvula kunabwera alendo a bungwe lina lothandiza alimi, azungu awiri ndi mayi mmodzi wa ku Lilongwe, kudzaona ngalande za mpunga. Sanabwere chifukwa cha ife. Mvula inawapeza m'munda, anathawira m'nyumba yosungira mpunga, ndipo anatipeza tikuyanika nsalu tisanabise. Bambo Kalinde, amene ankawaperekeza, anandiyang'ana ndi diso loti tionana. Koma mayi wa ku Lilongwe uja anaima patsogolo pa nsalu ina ya NyaHarawa, ya amayi akupirikitsa mbalame m'munda, nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti wajambula ndani. Ndisanatsegule pakamwa, Bambo Kalinde anali atayankha kale m'Chingerezi kuti imeneyi ndi ntchito imene ofesi yawo yakhala ikulimbikitsa kwa zaka zambiri. NyaHarawa anali pomwepo, manja ali bii ndi matope, osamva kanthu.

Patapita mwezi kunabwera uthenga woti bungwelo likukonza chionetsero cha zojambula ku Lilongwe, ndipo likufuna nsalu khumi ndi ziwiri za mmisiri ameneyu, komanso mwini wakeyo apite akaphunzire miyezi itatu pamodzi ndi ojambula ena. Bambo Kalinde anabwera ndi galimoto ya ofesi, koyamba chiyambire, n'kutenga nsaluzo kuti akazisunge pabwino. NyaHarawa anazipinda yekha, imodziimodzi, n'kuzikulunga m'chitenje chake cha kutchalitchi. Lachisanu lotsatira ndinaitanidwa kuboma.

Muofesi munali mwamuna wina amene ndinkamudziwa, Robson, mlongo wa akazi awo a Bambo Kalinde. Ntchito yake inali yolemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu ya anthu pa makoma a ometa tsitsi. Pa tebulo panali mapepala awiri. Loyamba linali kalata yotayipa kale, yonena kuti ine, monga mlangizi wa ku Hara, ndikuchitira umboni kuti nsaluzo anajambula ndi Robson, ndipo amayi a gulu langa ankangomuthandiza kunyika ndi kuchapa. Lachiwiri ndinalizindikira ndi kalembedwe kanga. Linali pempho langa loti andisamutsire ku Chiradzulu. Agogo anu anali atafa ziwalo mbali imodzi chaka chapitacho, ndipo ndinali nditalemba katatu osayankhidwa.

"Tiyeni tilankhule ngati akuluakulu," anatero Bambo Kalinde. "Mayi uja Chingerezi sadziwa, Chichewa chomwe n'chothyokathyoka. Ku Lilongwe akakalankhula chiyani? Akatichititsa manyazi boma lonse la Karonga. Komanso ndi mkazi wa mwini, miyezi itatu mwamuna wake azidya kuti? Robson ali ndi satifiketi ya fomu 2, ndipo burashi amaidziwa. Akabwerako adzawaphunzitsa amayiwo. Onse apindula."

"Mwamuna wake mwamufunsa, bwana?"

"Sindifunika kufunsa zinthu zodziwikiratu." Anakankhira pepala lachiwiri lija pafupi ndi loyamba mpaka anagundana. "Ndamva kuti amayi anu sali bwino. Pepani kwambiri. Zinthu ziwirizi zikhoza kuyenda tsiku limodzi."

Robson ankangoyang'ana nsapato zake. Ndinapempha kuti ndidzayankhe Lolemba.

Musaganize kuti mayi wanu anali wolimba mtima kuyambira pachiyambi. M'basi yobwerera ku Hara ndinali nditasaina kale mumtima. Bambo anu anati chisankho ndi changa, koma anandikumbutsa kuti amayi akhoza kutisiya tsiku lililonse. Loweruka m'mawa ndinapita kwa NyaHarawa, osati kukafunsa maganizo ake, koma kuti andikhululukiretu. Ndinamupeza akupeta mpunga. Ndinamufotokozera zonse osabisa. Anasiya lichero pansi, n'kukhala kanthawi akutola timiyala mumpungamo.

"Sainani, asambizgi," anatero. "Amama winu ndi amodzi pera. Nsalu ndipanga zina."

Ndikanangonyamuka pamenepo, bwenzi mbiri ino ili ina. Koma ndinakhalabe, ndipo iye anafunsa, maso ali pa mpunga, ngati n'zoona kuti ku Lilongwe kuli utoto wa buluu wa pa nsalu. Anati wayesa makungwa onse, mizu, masamba, maluwa a m'dambo, koma palibe chimatulutsa mtundu wa kumwamba, ndiye nsalu zake zonse thambo limakhala loyera ngati kulibe. Anati mwamuna wake anali atamugulira kale nsapato za ulendo. Munthu amene Bambo Kalinde ankati sangalole uja anali atagulitsa thumba la mpunga kuti mkazi wake asakafike mumzinda ndi patapata. Ndinaziona nsapatozo, zakuda, zili pa zenera. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza za nsapatozo.

Lolemba ndinalowa muofesi muja n'kunena kuti sindisaina, chifukwa ndinaona ndi maso anga dzanja limene linajambula mzere uliwonse, ndipo silinali la Robson.

"Mayi Makwinja, mukudziwa kuti Chiradzulu ndi kutali?"

"Ndikudziwa, bwana. Ndinabadwira komweko."

"Chabwino. Mukhoza kupita."

Ndinkaganiza kuti kukana kwanga kuimitsa chinachake. Sikunaimitse kanthu. Kalatayo anasaina yekha monga mkulu wa ofesi, nsalu zinapita, Robson anapita. Ndinalembera bungwe lija kalata, koma keyala yake inali ndi Bambo Kalinde, ndipo imene ndinaipeza mwa njira zina sindidziwa ngati inali yoona, chifukwa yankho silinabwere. Ndinadandaula kwa akuluakulu athu kulikulu, koma lamulo linkati dandaulo lidzere kwa bwana wako. Nsalu khumi ndi ziwirizo sizinabwerere ku Hara, ngakhale chitenje chimene anazikulungira.

1997, Iponga

Kalata yosamutsa inabweradi, koma osati ya kummwera. Ananditumiza ku Iponga, kumpoto kwenikweni, kufupi ndi malire a Tanzania, kumene amayi amalankhula Chinkhonde ndipo Chitumbuka chimene ndinavutikira zaka zisanu ndi zitatu chinangondithandiza theka. Bambo anu anatsala ku Hara pafupifupi chaka asanawalole kunditsatira. Nditakhala ku Iponga miyezi isanu ndi iwiri agogo anu anamwalira. Uthenga unandipeza mochedwa, ulendo unatenga masiku awiri, ndipo ndinafika ataika kale. Amalume anu aakulu anandilandira ndi mawu akuti, "Wabwera kudzaona dothi? Paja unasankha nsanza za eni ake." Sitinalankhulane zaka zisanu. Anthu ena amati nthawi imachiritsa. Ine sindinachire, ndipo sindikufuna wina adzakuuzeni kuti ndinakhululuka. Bambo Kalinde anapuma pa ntchito ndi phwando ndi mphatso, ndipo atamwalira ananenedwa kuti anali bwenzi la amayi akumudzi.

Ku Iponga ndinapeza zomwezo mwa mtundu wina. Amayi ankaluka mikeka ya mitundu ndi kusoka nsalu zokongola, amuna n'kumapita nazo ku Songwe kukagulitsa kwa apaulendo ndi amalonda odutsa malire. Wogula akafunsa wapanga ndani, yankho linkakhala lakuti, "Timapanga kwathu." Ndiye ndinaika lamulo langalanga limene silinali m'buku lililonse: palibe nsalu yotuluka m'gulu langa yopanda dzina la mwini wake pakona, losokedwa ndi ulusi, osati lolembedwa ndi cholembera. Amayi ambiri sankadziwa kulemba, choncho miyezi yoyamba tinkaphunzira zilembo za maina awo basi, pa mchenga, kenako pa nsalu. Mwamuna wina anabwera kudzandikalipira kuti dzina la mkazi wake likuyenda m'manja mwa madalaivala a malole. Ndinamuuza kuti ngati akufuna lake liyende, nayi singano.

Za ku Hara ndinkazimva ndikapitako pa tchuthi. Robson anabwerako ndi satifiketi ndi chipewa cha ojambula, ndipo bungwe lija linamuitanitsa nsalu zina. Anayesa ndi matope a kuseri kwa nyumba yake, nsalu zinatuluka ngati zopukutira mapoto. Mapeto ake anakwera basi mpaka kwa NyaHarawa, atanyamula shuga, kukafunsa kumene amatapa matope. Amayi amene analipo anandiuza kuti anamuyalira mkeka, anamuphikira tiyi ndi shuga wakeyo, kenako anati, "Imwe ndimwe mwapita kusukulu ya ku Lilongwe. Mutisambizge ndimwe." Robson anabwerera ku zikwangwani zake. Koma musaseke msanga, chifukwa NyaHarawa sanagwirenso nsalu. Ndinamupititsira bafuta wogula ndi ndalama zanga, anasokera ana malaya. Anayamba kujambula pa khoma la nyumba yake, kunja, ndi dothi lofiira, loyera, lachikasu ndi makala, chilimwe chilichonse khoma lonse kuzungulira. Chaka china anajambula maliro a mwamuna wake, anthu oposa makumi anayi, aliyense wodziwika ndi kayendedwe. Ndinamudandaulira kuti mvula ikabwera zonsezi zichoka.

"Zichoke," anatero. "Kweni khoma palije anganyamule pa galimoto."

Kamera ndinalibe. Pamene mafoni ojambula ankafika m'manja mwa anthu ngati ife, maso ake anali atachita khungu.

2022

Ndinali nditapuma kale pa ntchito, ndikukhala kuno kuboma ku Karonga, pamene anandiimbira foni kuti NyaHarawa wamwalira. Ndinapita ndi ndodo yangayi. Mwambo unali waukulu ndithu. Mkulu wa mpingo anawerenga mbiri yake: chaka chobadwa, ukwati, ana asanu ndi awiri, zidzukulu, mlimi wakhama, mayi wosajomba kutchalitchi. Anapinda pepala. Ndinadikira kuti mwina wolankhula m'malo mwa banja anenapo, nayenso anathokoza anthu chifukwa cha chipepeso n'kukhala pansi. Pa ndondomeko ine ndinalibepo, ndipo mukudziwa kuti pa maliro mayi wachilendo sangoimirira pakati pa amayi anzake n'kuyamba kulankhula. Ndinaimirira. Woyendetsa mwambo anati, "Amama, nthawi yatha, tikupita kumanda." Ndinati nditenga mphindi imodzi, ndipo ndinalankhula m'Chitumbuka changa chopotoka kuti onse amve. Ndinati amene wagona apayu anali mmisiri wojambula, woposa onse amene ndinawaona pa zaka zonse za ntchito yanga, ndipo nsalu zake khumi ndi ziwiri zinapachikidwa ku Lilongwe pa dzina la munthu wina, ine ndikudziwa. Mayi wina anandikoka chitenje kuti ndikhale. Kumbali ya abambo wina anatsokomola. Woyendetsa mwambo anati, "Yewo, amama," n'kuitana oimba kuti ayambe nyimbo.

Titabwerako kumanda, ndikusamba m'manja, anandipeza mdzukulu wake wamkazi, mtsikana wophunzira bwino amene akuchita za unamwino ku Mzuzu. Anagwada mwaulemu n'kundifunsa ngati zimene ndinanena zija ndi zoona. Ndinamufunsa ngati sanakulire pakhomo pomwepo, ngati makoma aja sanawaone.

"Tinkawaona, agogo," anatero. "Koma ife tinkangoti akuzira nyumba."

Nyumbayo inali patsogolo pathu. Ana ake, pofuna kulemekeza mayi wawo, anali ataipaka simenti ndi laimu chaka chapitacho. Ndinamugwira dzanja mtsikanayo, tinazungulira khoma lonse loyeralo, ine ndikuloza ndi ndodo pamene panali chiyani, iye akulemba m'foni mwake. Minibasi yomaliza ya ku Karonga inandisiya tikadali kuseri, pa khoma lachitatu.